Amuna Amadikira Panja

Amuna anga ankadana ndi malaya. Akaweruka ku Makata, kumene ankanyamula matumba m'nyumba ina yosungiramo katundu, ankangofika pakhomo n'kuvula shati, kuikoleka pamsomali, n'kukakhala pakhonde chifuwa chili pamtunda. Ine ndinkalalata kuti pano si kwanu ku Nsanje, pano ndi mu Ndirande, njira yakumpopi yadutsa pamphuno pathu ndipo akazi a eni ake akuona. Iwo ankangoseka n'kudziomba pachifuwa. Ankati chifuwa chimenechi ndicho chikudyetsa banja lonse, ndichisiye chipitidwe mphepo. Kunena zoona chinali chifuwa chooneka bwino, ndipo kulalata kwangako kunali ndi kakunyada mkati.

Ndiye Okutobala atafika, kunja kukutentha kochita kufewetsa phula mumsewu, ine n'kuona munthu yemwe uja wavala vesiti mkati, shati pamwamba, mabatani mpaka m'khosi, ndinadziwa kuti pagona nkhani. Maganizo anga anathamangira kwa mkazi. Musandiseke, ambirife timayambira pamenepo. Ndinati pali wina amene wawakanda, ndiye akubisa zipsera. Ndinayamba kununkhiza zovala zawo ndisanaziviike. Fungo la mafuta a mkazi sindinalipeze. Chimene ndinapeza ndi kadontho kofiirira pa vesiti, mbali ya kumanzere. Vesiti yotsatira inalinso nako, pamalo omwewo.

M'mawa wina ndinawadikirira akuchokera kubafa. Atalowa kuchipinda ndinatseka chitseko n'kuimirira pamenepo.

"Chotsani thawulolo," ndinatero.

"Mayi, ndichedwa kuntchito."

"Muchedwe kumene. Chotsani."

Atachotsa, mawu onse amene ndinakonzera mkazi mnzanga uja anandithawa. Bere lawo lakumanzere linali litatupa ngati la mtsikana wongotha kumene msinkhu. Khungu lake linali litada mofiirira, likunyezimira, lili ndi timaenje ting'onoting'ono ngati khungu la lalanje. Nsonga ya bereyo inali italowa mkati. Nditaikapo dzanja, panali potentha kuposa thupi lonse.

"Ndi thumba la feteleza," anatero akuyang'ana kumbali. "Linandimenya ndi kona. Chasanduka chithupsa basi, chikupsa."

Ndinavomereza msanga, chifukwa chithupsa ndi matenda amene ndimawadziwa. Aliyense kuno amadziwa malamulo ake. Suchifinya chisanapse. Umachithowa ndi kansalu koviika m'madzi otentha a mchere, m'mawa ndi madzulo, n'kudikira kuti chitulutse kamutu koyera. Chikaphulika mafinya amatuluka, nkhani yatha. Ana anga onse ndawalera ndi malamulo amenewa ndipo sanandigwiritsepo mwala. Choncho ndinathowa. Amuna anga ankaluma mano n'kumati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinadekha ndithu, koma kamutu koyera sikanabwere. Chinthucho chinkangofutukuka m'mbali, chikulowera kukhwapa.

Pachipatala chathu chaching'ono dokotala anawapatsa makapisozi. Anawamwa onse, osasintha kanthu. Titabwererako, dokotala yemwe uja sanasekenso nafe monga poyamba. Anawapisa m'khwapa n'kupeza mwanabere wolimba, kenako anasamba m'manja nthawi yaitali. Anati zimenezi si za pano, tipite kuchipatala chachikulu, ndipo anatiuza tsiku limene madokotala amaona matenda a m'mawere. Mawu akuti khansa sanawatchule. Ine ndinawamva m'kusamba kwake kwa m'manja kosathako.

Tsikulo litakwana amuna anga anakana kuti ndiwaperekeze. Anati si mwana wakusikelo. Inenso ndinali nditapikula tomato wambiri, ndipo tomato sadikira munthu, choncho ndinawalola apite okha. Dzuwa lisanafike pamutu ndinangowaona atulukira pabenchi langa kumsika, akukukuta chimanga chootcha.

"Akuti palibe chovuta," anatero. "Chiphwa chokha."

Ndinasangalala kwabasi. Tsiku limenelo aliyense wogula tomato kwa ine anapita ndi basera, ngakhale amayi aja amene amafinya tomato yense asanagule mulu umodzi. Sindinafunse zambiri. Munthu ukamva zimene mtima wako umafuna, mafunso amakhala ngati mwano.

Mvula inayamba, chinthu chija osaphwa. Amuna anga analeka kugonera kumanzere. Mkono unayamba kukana kukwera m'mwamba, mpaka kuntchito anawachotsa pamatumba n'kuwapatsa tsache. Lamba anamuboola bowo lina. Madzulo shati inkamatirira pachifuwa, ndiye poivula ankachita kuinyowetsa. Ine mantha sanandichokenso. Pafupi ndi benchi langa pamakhala mayi wogulitsa malalanje, ndipo ndinafika polephera kuyang'ana katundu wake. Minibasi ikamadutsa pamene akalipentala amayala mabokosi a maliro m'mbali mwa msewu, ndinkatseka maso ngati ndikupemphera.

Tsiku lina tikudya ndinawafunsa ngati dokotala wakuchipatala chachikulu uja anali wamwamuna kapena wamkazi. Anati wamwamuna. Patapita masiku ndinafunsanso ngati ndaiwala. Anati wamkazi. Ndinaika mbale pansi.

"Sabata ino tikupita limodzi," ndinawauza.

"Nkhabe."

Amuna anga anabwera ku Blantyre ali mnyamata ndipo Chisena chawo chimangotuluka akapanikizika. Nditamva nkhabe ameneyo, ayi wakwawo, ndinadziwa kuti ndaponda pamene pali bala. Ndinawauza kuti akakana ndikaitana alongo awo aakulu ku Bangwe, ndipo akakananso pamenepo ndikagogoda kwa abambo mfumu kuparishi. Alongo awowo amawaopa kuposa imfa. Tsikulo litafika ndinawapeza atavala kale nsapato.

Malo oonera matenda a m'mawere ndi khonde lalitali la mkati, mabenchi mbali zonse ziwiri, ndipo m'mabenchimo munali amayi okhaokha. Ena anali atamasula mabulauzi chifukwa mabala awo sankafuna nsalu. Ena anangodziphimba ndi chitenje pachifuwa. Wina ankaonetsa mnzake chipsera, akufotokoza mmene anamusokera. Anali malo a akazi enieni, ngati mmene kumakhalira kuchipinda cha amayi oyembekezera. Panja, pakakhoma kafupi koyang'anana ndi khomo, panali patakhala amuna operekeza akazi awo, ena akusewera ndi mafoni, ena akuodzera.

Titangolowa, kunaimirira mayi wina wathupi, waduku lobiriwira, mawu ake ngati kondakitala woitanira minibasi ya ku Limbe. Sanali nesi. Anali wodwala ngati anzake, koma amene anadzipatsa yekha udindo wosunga mzere.

"Aaa, abambo aja abweranso!" anakuwa. "Abambo, m'makutumo muli thonje? Ulendo uja tinakuuzani bwinobwino kuti amuna amadikira panja. Muno amayi amavula. Asisi, inu khalani apa. Amuna anuwo akakhale pakhoma ndi anzawo."

"Ulendo uti?" ndinafunsa.

"Mvula isanayambe. Anabwera n'kudzakhala pakati pathu ngati saona. Tinachita kuwatulutsa ndife, n'kuwaona akulowera kugeti."

Ndinatembenuka kuyang'ana amuna anga. Maso awo anali pansi. Ndiye kuti panalibe dokotala wamwamuna, panalibe dokotala wamkazi. Panali khonde ili, manyazi, ndi chimanga chootcha chogula pageti. Milungu yonse ija ine ndikuthowa, chinthucho chikudya munthu, palibe dokotala wakuchipatala chachikulu amene anali atachiona.

"Mwamva, mayi," anatero chapansipansi. "Sakulola. Tiyeni tizipita."

"Odwala si ine," ndinauza khonde lonse. "Odwala ndi awa."

Kunabuka phwete. Wina kumapeto kwa benchi anafunsa ngati abambowa akuyamwitsa. Wina anati kapena tasochera, a chifuwa chachikulu amaonedwa kumbuyo uko. Lero sindiwaimba mlandu amayi amenewo. Ndikanakhala pabenchipo bulauzi yanga ili yomasula, mwamuna wachilendo n'kulowa, bwenzi mawu anga ndi amene anamveka kwambiri. Koma nthawi imeneyo sindinkaona amayi. Ndinkaona amuna anga akutembenukira kukhomo kachiwiri, ndipo ndinkadziwa kuti akatulukanso pakhomo limenelo, sadzalowanso ndi miyendo yawo.

"Vulani shati," ndinatero.

"Nkhabe."

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Vulani!"

Sanasunthe. Ndiye ndinachita chimene mkazi wolangizidwa sachita kwa mwamuna wake pagulu. Ndinawagwira pakolala n'kuyamba kumasula mabatani ndekha. Anandigwira padzanja kuti andiletse, koma linali dzanja lakumanzere, lopanda mphamvu lija. Mabatani ena anaduka n'kugubuduka pasimenti. Ndinakweza vesiti mpaka m'khosi.

Phwete lija linathera pomwepo. Amayi amenewo ankadziwa chimene akuona kuposa ine. Mayi waduku lobiriwira uja anagwira pakamwa n'kuti, "Mayo ine." Kenako anachotsa chikwama chake pabenchi.

"Achimwene, khalani apa. Inu nonse sunthani! Awa alowa patsogolo panga, ndipo wodandaula adandaule ndi ine."

Amuna anga anakhala. Anamanga mabatani otsalawo mosemphanitsa, ndipo sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Dokotala anali mtsikana woonda moti ndinayesa ndi mwana wasukulu wongophunzira. Koma manja ake ankadziwa pogwira. Anafunsa kuti zinayamba liti, n'kufunsanso kachiwiri ngati sanamve bwino. Tsiku lomwelo anawabaya jakisoni wa dzanzi n'kudula kanyama kakang'ono kuti akakapime. Anatitumizanso kukajambulitsa chifuwa ndi mimba. Kenako kunali kudikira. Khirisimasi inatipeza tikudikira. M'nyumba mwathu munalibe mawu. Amuna anga ankandiyankha eya ndi ayi basi, ngati ndine mlendo wodzapempha moto. Ndinawavula pamaso pa akazi a eni, ndipo zimenezo zinkawapweteka kuposa bere. Ine ndinkapsa mtima n'kumamenyetsa mbale, kenako n'kukalira kuseri kwa bafa kuti ana asaone.

Tsiku la zotsatira dokotala anatikhazika pansi n'kukoka mpando wake kuti ayandikire. Anati ndi khansa ya m'mawere.

"Adokotala," amuna anga anatero, "imeneyo si ya amayi? Ine ndili ndi ana. Ndine mwamuna weniweni."

"Ndinu mwamuna ndithu, bambo," anayankha. "Koma mwamuna aliyense ali ndi kanyama ka bere pansi pa nsongapa, ndipo kakhoza kudwala. Sizichitikachitika, koma zimachitika. Tsono mtundu umene mwapezeka nawowu ndi wosowa ngakhale kwa amayi. Suyamba ndi chotupa cholimba ngati mwala. Umatseka timitsempha ta pakhungu, n'chifukwa chake pamatupa n'kutentha ngati chithupsa. Anthu ambiri amapusitsika nawo. Vuto lake umathamanga."

Anati m'mapapo ndi m'mimba simunaoneke kanthu, koma m'khwapa inali itafika kale. Anati opaleshoni sangayambe nayo, chifukwa khungu lonse linali lodwala. Ayamba ndi mankhwala a m'diripi kuti aifooketse, kenako achotse bere lonse pamodzi ndi za m'khwapa, pomaliza aotche pamalopo ndi makina.

"Tikanabwera mvula isanayambe, bwenzi zili bwanji?" ndinafunsa.

Funso langalo analilambalala. Anangoti, "Mayi, tiyeni tigwire zimene zili m'manja mwathu lero." Amuna anga ankangoyang'ana nsapato zawo.

Mankhwala a m'diripi aja, amene odwala amangoti kemo, sindikufunira munthu aliyense, ngakhale amene tinayambana. Ena anali ofiira ngati sobo. Akalowa m'thupi, pofika kunyumba munthu wayamba kale kusanza, ndipo ankasanza mpaka m'mimba mutatsala mphepo yokha. Fungo la mafuta ophikira linkawathamangitsa m'nyumba. Tsitsi linayamba kutsalira papilo, kenako ndevu, kenako nsidze. Zikhadabo zinada. M'kamwa munatuluka zilonda moti ngakhale phala ankalimeza akutulutsa misozi. Munthu amene ankanyamula thumba la feteleza ngati mtolo wa zovala ankapumira panjira popita kuchimbudzi. Dokotala anatichenjeza kuti thupi likangotentha tithamangire kuchipatala osadikira, choncho dzanja langa linkangokhalira pamphumi pawo. Ndikakhala kumsika foni n'kulira, mtima unkayamba waima kaye ndisanaone woimba.

Anandiletsa kuuza anthu dzina la matendawo. Anati ndizingoti ndi pachifuwa. Ndiye akhristu anzathu a m'limana akabwera kudzapemphera nafe ankapempherera chifuwa, ndipo ndinkaona ena akukana tiyi mwaulemu poopa makapu athu. Kumpopi nkhani inali ina. Ena ankati ndi matenda aja a masiku ano, taonani kuondako. Ena ankati ine ndinawathirira mankhwala m'ndiwo kuti azindimvera, ndiye mankhwalawo apitirira muyeso. Amene ananena zimenezo ndinamupeza atanyamula ndowa, ndipo zimene ndinamuuza sindingazilembe pano. Koma pobwerera kunyumba mkwiyo unali utatha, mantha okha ndiwo anatsala. Mkwiyo unkandithandiza kanthawi kochepa chabe.

Malo okhawo amene amuna anga ankaseka anali pabenchi paja. Mayi waduku lobiriwira, amene tinadzamva kuti amakhala ku Zingwangwa, ankalawirira kuposa aliyense ndipo ankaika chikwama pambali pake kuwasungira malo. Ankati, "Ndinakuthamangitsani ndine, ndiye malo ndizikusungirani ndine mpaka tonse titachira." Iye bere anali atachotsedwa kalekale, koma matenda anali atabwerera, ndiye anali padiripi kachiwiri. Ankanena zimenezi ngati akunena za mlendo wosamva kutsanzika. Anawaphunzitsa kutafuna jinja pofuna kuchepetsa mseru, ndiponso kumwa madzi ambiri dzulo lake kuti manesi asavutike kupeza mtsempha. Ankawaseka kuti mwayi wawo ndi waukulu, akawachotsa bere sadzafunika kuika sokosi mu bulauzi ngati iye. Tsitsi litatha onse awiri, anavula duku n'kuyerekeza mitu yawo pamaso pa khonde lonse kuti anthu aweruze wonyezimira kwambiri. Amuna anga anaseka mpaka kutsokomola. Ndinachita kansanje. Mayi amene anawathamangitsa anamukhululukira kalekale, ine amene ndinawabweza anali asanandikhululukire.

Pang'onopang'ono kutupa kunayamba kuphwa. Khungu linaleka kunyezimira. Nyengo yozizira itafika, dokotala anati tsopano akhoza kuchita opaleshoni. Tsiku limenelo ndinakhala panja pa chipinda cha opaleshoni kolona ili m'manja, koma sindikukumbuka kuti ndinamaliza pemphero ngakhale limodzi. Chitseko chikatseguka ndinkaimirira, n'kupeza kuti ndi nesi akutulutsa zinyalala. Atawatulutsa anali ndi kapaipi kotuluka m'nthiti, kolowa m'botolo. Nkhope yawo inali yotuwa ngati phulusa, ndipo ndinayamba ndayang'ana kaye ngati bulangeti likukwera ndi kutsika.

Bandeji atachotsa, pamene panali bere panali mzere wautali wochokera pakati pa chifuwa mpaka m'khwapa. Anauyang'ana nthawi yaitali n'kuti andisoka ngati thumba la shuga. Kunyumba ndinkawasambitsa ndine chifukwa mkono sunkakwera. Tsiku lina masana ndikuwapukuta kumsana, analankhula osatembenuka.

"Mabatani aja munadula."

"Ndinawasokerera," ndinatero.

"Munasokerera okhota."

"Mukanavula nokha bwenzi ali owongoka."

Kenako ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma ankaseka. Inenso ndinaseka, thawulo lili m'manja, misozi ikutsika. Umu ndi mmene nkhani ya mabatani inathera, ndipo kuyambira tsiku limenelo anayambanso kundiuza pamene pakuwawa.

Zootcha ndi makina zinatitengera kudikira ndi maulendo amene sindifuna kuwakumbukira, koma tinamaliza. Kenako anawapatsa mapiritsi oti azimwa tsiku lililonse kwa zaka. Tsitsi linamera lofewa ngati la khanda. Mkono wakumanzere unatsala wotupa ndi wolemera, choncho za matumba zinathera pomwepo, anawapatsa ntchito yotsegula geti masana. Pakhonde anayambanso kukhala, koma atavala shati. Ine amene ndinkalalata zaka zonse zija kuti avale, ndinkadutsa pamsomali uja wopanda kanthu mtima n'kumandiwawa.

Tinkapitabe kuchipatala kukaonedwa pakapita miyezi. Ulendo wina tinapeza khonde lili phee, anthu akukangana chapansipansi za amene anayamba kufika. Panalibe wokuwa. Amuna anga anayang'ana uku ndi uku kufuna chikwama chija. Mayi wina wa ku Machinjiri amene tinkadziwana naye anawakodola n'kunena kuti mnzathu uja anatisiya, anakamuika kwawo ku Mulanje. Amuna anga anangoti, "Oho." Anakhala pansi n'kugwira pachifuwa pawo, mbali yopanda bere ija. Palibe amene ananena, koma tonse pabenchipo tinkaganiza chimodzi, kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pobwerera mu minibasi ndinangowagwira bondo mpaka titatsika.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mlonda wa thupi lawo. Akatsokomola kawiri ndinkasiya chimene ndikuchita. Akati msana, ine ndayamba kale kuwapapasa. Iwo ankati ndikuwayang'ana ngati nkhuku yogula pamsika. Mavesiti awo ndinkawayang'anabe kumanzere ndisanawaviike, ngakhale kuti kumeneko kunalibenso chotulutsa kadontho.

Chimene ndinkaopa chinabwera Lamulungu lina m'mawa tikukonzekera ku Misa. Chifukwa cha mkono uja, batani la m'khosi ndimawamangira ndine. Ndikukoka kolala, chala changa chinagunda kanthu pamwamba pa fupa la m'khosi, mbali yomweyo ya kumanzere. Kanali kakang'ono ngati nyemba, kolimba, kosasuntha. Ndinakadina n'kufunsa ngati kakuwawa. Anati ayi. Ndikanakonda akanati kakuwawa, chifukwa pofika nthawi imeneyo ndinali nditaphunzira kuti zosawawa ndizo zoopsa.

"Munakaona liti?" ndinafunsa.

"Dzana," anatero. "Ndimati ndikuuzeni tikachoka kutchalitchi. Ulendo uno sitithowa, mayi."

Sitinathowe. Dokotala uja, amene tsopano ankatidziwa nkhope, anakabaya ndi singano n'kutumiza kokapima. Zotsatira zitabwera anakokanso mpando wake kuti ayandikire, ndipo ine nditangoona mpandowo ukusuntha ndinadziwa. Anati khansa ija yabwerera. Anati mankhwala ena alipo, ayambanso diripi, ndipo anthu ena amakhala nayo nthawi ndithu akulandira chithandizo. Mawu akuti kuchira sanawatchule, ndipo ine sindinafunse. Ndinaopa yankho.

Sabata yatha tinapita kukayamba. Tinafika m'mawa, khonde litadzaza kale, nkhope zambiri zachilendo. Amuna anga anali atangopeza kampata pabenchi pamene mayi wina wachitsikana, amene ankaoneka kuti ndi ulendo wake woyamba, anakoka chitenje kuphimba pachifuwa n'kuwayang'ana moipidwa.

"Pepani abambo," anatero. "Muno ndi mwa amayi. Amuna amadikira panja."

Amuna anga anandiyang'ana, kukamwa kukuseka pang'ono. "Mwamva, mayi? Akuti ndikadikire panja."

Ndinayang'ana pakhomo. Pakakhoma paja panali patakhala amuna monga mwa nthawi zonse, athanzi lawo, wina akukukuta chimanga, wina atamasula shati chifukwa cha kutentha, chifuwa chili pamtunda. Ine ndi amene ndinamenyera nkhondo malo a pabenchi amenewa. Ndinadula mabatani, ndinanyozetsa mwamuna wanga pagulu kuti akhale pamenepa. Koma tsiku limenelo ndinalakalaka ndi mtima wanga wonse kuti mtsikanayo akanakhala akunena zoona, kuti tasochera, kuti malo a amuna anga ndi pakhoma paja padzuwa, akundidikira ine.

"Asiyeni awo," anatero mayi wa ku Machinjiri uja kuchokera kumapeto kwa benchi. "Ndi mnzathu. Ndi wakale muno kuposa tonsefe."

Amayi anasuntha osauzidwa kawiri. Amuna anga anamasula okha batani la m'khosi, n'kukhala pansi pakati pawo. Ine ndinaimirira pambali nditawagwirira jekete, ndikudikira kuti nesi aitane.